Peni yakale yosinthidwa si zinyalala, musiye kuifufuta mbiri

Anthu otolera mapeni akale a inki, aja omwetsa inki ya m'botolo osati mabolopeni ayi, ali ndi khalidwe lina limene limandiwawa mtima kwambiri. Akangoona peni yoti chivindikiro chake si chimene inatuluka nacho kufakitale, kaya nibu ndi ya kampani ina, kaya pathupi pake panazokotedwa dzina la munthu, basi amaikankhira pambali nkumati iyi ndi frankenpen, kutanthauza peni yolumikizidwa ndi zidutswa za mapeni osiyanasiyana, ilibe ntchito, bola tiiphwasule titengemo masipeya. Ine zimenezi ndikukana. Peni yoti yalemba zaka 70 kapena 80 nkusinthidwa zina ndi zina m'njiramo siinaonongeke, ndipo kawirikawiri amene amaiononga zenizeni ndi uja wobwera ndi mtima woti aibwezere mmene inkaonekera tsiku loyamba mushopu.

Tiyambe ndi funso loti orijino amene tikumufunayo ndi uti kwenikweni. Mapeni amenewa sanapangidwe kuti azikhala m'kabati ya galasi, anali zida zantchito za makalaliki, aphunzitsi, asilikali, ana asukulu, ndipo makampani eni akewo ankadziwa kuti zinthu zizisinthidwa. Taonani Esterbrook J ya ku Camden, New Jersey, ija inali ponseponse m'ma 1940 ndi m'ma 1950. Nibu yake imachita kupotokola ngati sikuluwu, umaichotsa nkuikapo ina mphindi imodzi osadetsa ndi zala zomwe, ankaitcha Renew-Point ndipo panali manambala ambirimbiri, 2668 yolemba mzere wapakatikati, 2556 yopyapyala, 9128 yopyapyala koma yofewa yoti ukaipanikiza mzere umakula. Munthu ankagula peni imodzi nkumasintha manibu malinga ndi ntchito. Nde lero wina atenge Esterbrook J nkumafunsa kuti kodi nibu iyi ndi imene inabwera nayo, funso lakelo likuchokera kuti? Pelikan 400 ya ku Germany ya 1950 nayo ndi chimodzimodzi, nibu imapotokoka ndi dzanja.

Ndiye pali nkhani ya galanti. Sheaffer, ku Fort Madison ku Iowa, anayamba kuika kadontho koyera pa mapeni ake a Lifetime mu 1924, Parker naye anali ndi chizindikiro cha Blue Diamond pa kilipi, zonsezi kutanthauza kuti peni ikavuta bweretsa tikukonzere. Tsono munthu wagula Sheaffer Balance cha m'ma 1930, patapita zaka khumi waigwetsa nibu yapindika, waitumiza, kodi mukuganiza kuti okonza aja ankapita kukafukula sipeya ya chaka chenicheni chimene peniyo inapangidwa? Ankaika imene inalipo pashelefu nthawi imeneyo basi. Peni imeneyo lero wotolera wina aiona nkunena kuti nibu ndi yolakwika, pamene anaiikapo ndi anthu a kampani yomweyo. Fakitale nayo siinkataya masipeya akale ikasintha fashoni, inkawagwiritsa ntchito mpaka athe, nchifukwa chake mumapeza mapeni apakatikati okhala ndi za chaka chino ndi za chaka chatha. Nthawi ya nkhondo yachiwiri zitsulo zitasowa Parker anasintha kopopera inki ka peni yawo ya Vacumatic kuchoka ku chitsulo kupita ku pulasitiki cha mu 1942. Pa mapeni a Parker a zaka zimenezo pali kanambala ka chaka ndi timadontho, atatu ndiye kuti miyezi itatu yoyamba, awiri yotsatira, kamodzi yachitatu, popanda dontho kumapeto kwa chaka, ndipo si zachilendo kupeza kuti deti ya pathupi ndi ya panibu zikusiyana pang'ono pa peni yoti palibe anaigwirapo.

China chimene anthu amaiwala ndi golide. Manibu a mapeni abwino anali a golide wa 14K, ndipo mtengo wa golide utakwera mpaka madola 850 pa aunsi mu January 1980, nthawi yoti aliyense anali atasamukira kale ku bolopeni ndipo peni ya inki inkaoneka ngati chinthu chopanda pake, manibu ambiri anazulidwa nkukasungunulidwa. Nchifukwa chake mpaka lero m'mabokosi a zinthu zakale mumapezeka mathupi a mapeni okongola koma kutsogolo kuli gwaa, mulibe kanthu. Wina akatola thupi lotero nkulipezera nibu ya peni ina yoti thupi lake linasweka, wapulumutsa zinthu ziwiri zimene zikanatayidwa zonse. Ameneyo ndi wofunika kumuthokoza.

Ndili ndi Waterman 52 yakuda pano imene imandikumbutsa zimenezi ndikaitola. Kumatako kwake kuli nambala 52, 5 kutanthauza kuti imamwa inki ndi kachitsulo kam'mbali kokoka kaja, 2 ndi saizi ya nibu. Nibu yake si ya Waterman, ingolembedwa kuti Warranted 14K, manibu aja okonza mapeni ankagula ambirimbiri opanda dzina la kampani. Mukaiyang'ana ndi galasi lokuzira mumaona kuti nsonga yake inadyeka mbali imodzi, yapendekeka pang'ono chakumanja, kusonyeza kuti munthu mmodzi analemba nayo zaka zambiri atagwira peni mwanjira yakeyake. Nibu imeneyi yakhala pa peniyi mwina nthawi yaitali kuposa ya Waterman imene inabwera nayo. Nditaitsegula, ndinatenthetsa pogwirira paja ndi mpweya wa chowumitsira tsitsi pang'onopang'ono, ndikuyesa ndi chala kuti pasatenthe kwambiri, mpaka panayamba kugwedera nkutuluka, kathumba ka labala kosungira inki kanali katauma gwaa kakungonyenyeka zidutswa zakuda patebulo. Ndinapala zotsalira zija, kudula kathumba katsopano kutalika koyenera, kupaka zomatira za shellac pang'ono pamlomo, kuvalika, kudikira kuti ziume, kuwaza ufa wa talc kuti kasamamatire mkati, nkubwezera. Nibu ndinaisiya momwemo. Imalemba bwino kwambiri, ndipo ndikanati ndiichotse ndikafune ya Waterman yeniyeni ndikanangopanga peni ina yosinthidwanso, kusiyana kwake nkwakuti wosinthayo ndi ine wa lero osati wokonza wa kalekale uja.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga ambiri. Kubwezeretsa kumene amakutamako nthawi zambiri kumachotsa zinthu zosabwereranso. Nkhani ya mayina ndi imene imandikhudza zedi. Kale peni yabwino inali yodula, Parker Duofold ya 1921 ija yofiira inali madola 7, ndalama zambiri nthawi imeneyo, nde anthu ankapatsana ngati mphatso pomaliza sukulu, popita kunkhondo, popuma pantchito, ndipo mushopu momwemo ankazokotapo dzina. Lero peni ya dzina imatsika mtengo, ndiye ena amatenga sandipepa nkupala dzinalo, kenako kupolisha kuti pasaoneke. Zotsatira zake thupi la peni limapyapyala mbali imodzi, ukaligubuduza pakati pa zala umamva kuti pena paphwatalala, ndipo celluloid, pulasitiki yakale yopangira mapeni ija, ikakalamba nkupyapyala ndi pomwe imadzang'alukira. Komanso olo zikanati sizifooketsa thupi, dzina lija linali lokhalo lotiuza kuti peniyi inali ya munthu, inali m'thumba la malaya a winawake tsiku ndi tsiku. Kulichotsa kuti upeze kandalama kowonjezera, ine ndimaona kuti nkulakwira mwini wake uja ngakhale sitimudziwa.

Ebonite nayo, labala wolimba uja amene mapeni ambiri asanafike 1925 ankapangira, akakhala padzuwa kapena akanyowa amasuluka, kuchoka ku wakuda kupita ku bulawuni kapena kobiriwira motuwa. Anthu safuna kuona zimenezo. Ena amapaka mankhwala odetsa, ena amapala khungu lapamwambalo mpaka afike pakuda, ndipo popala amafufuta timizere tokongoletsa tija ndi zilembo za kampani zomwe. Peni imatuluka ili phuliphuli koma yosalala ngati yatsopano ya dzulo, osawerengekanso kuti ndi ya ndani, inapangidwa kuti. Chodabwitsa nchakuti munthu yemweyo amene wapala theka la zilembo ndi makina opolishira ndi amene akunyoza mnzake chifukwa cha kilipi ya chaka china, kilipi yoti mawa ukhoza kuichotsa nkuikapo yoyenera osasiya chipsera chilichonse.

Ndipotu tinene zoona, nkovuta kupeza peni yakale yolemba imene siinasinthidwe. Kathumba ka labala sikakhala zaka 90, aliyense amasintha. Parker 51 ya Aerometric, yomwa inki pofinya kathumba ija, imene inayamba mu 1948, kathumba kake koonekera mkati kaja nkolimba moti nthawi zambiri kamagwirabe ntchito mpaka lero, koma kapaipi ka siliva kamkati kamadyeka, makamaka mwa amene ankamwetsedwa inki ya Superchrome, ndipo okonza amaikamo kachitsulo kosachita dzimbiri kapena ka pulasitiki ya Teflon, palibe amadandaula. Pelikan zakale zinali ndi koko, khungwa lofewa lotsekera mabotolo lija, kupisitoni yokokera inki, ambiri lero amaikamo labala wamakono. Mapeni obiriwira a jade a Sheaffer aja a m'ma 1920 amasanduka bulawuni chifukwa cha mpweya wa sulfure wochokera mu kathumba ka labala kakamaola, nde anthu osamala amaikamo ka silicone kuti mtundu usapitirire kuonongeka. Kumeneko nkusintha, koma nkusintha koteteza peni. Ndiye ngati tikuvomera zamkatizi chifukwa maso sakuziona, tisamachite ngati tili ndi lamulo loyera loti chilichonse chikhale cha kufakitale.

Koma sindikunena kuti otolera okhwimitsa zinthu aja alibe mfundo, ali nayo ndipo ndi yaikulu. Iwo ndi amene amasunga mapeni osagwiridwa, ena ali ndi kapepala ka mtengo kali pomwepo, ndipo kudzera mwa amenewo ndi makatalogi akale ndi mmene timadziwira kuti chaka chakuti kampani inkapanga zotani. Mapeni osakanizidwa akamayenda pamsika ngati enieni, chidziwitso chimenechi chimasokonekera, patapita zaka munthu amajambula chithunzi nkulengeza kuti wapeza mtundu wosowa pamene ndi chinthu chimene wina analumikiza pakhonde pake. Ndipo pamene pali ndalama pamabwera akamberembere. Parker 51, imene inatuluka mu 1941, ilipo ya timiyala tiwiri, kumutu ndi kumatako, ndi ya kamwala kamodzi, ya tiwiri ndi yodula, nde kusintha kachivindikiro kakumatako kokha peni yakwera mtengo. Mitundu ngati Nassau Green ndi Yellowstone ndi yosowa, ndipo alipo amisiri amene amapanga mathupi atsopano a mitundu imeneyo, ntchito yabwino ndithu, iwo amanena poyera kuti ndi zatsopano, koma peni ikadutsa m'manja atatu anayi mawu aja amatayika m'njira. Ya mtundu wa Plum, imene inapangidwa nthawi yochepa kumapeto kwa ma 1940, pachithunzi cha pa intaneti ukhoza kuisokoneza ndi Burgundy kapena yakuda imene. Duofold ya Mandarin Yellow ya 1927 imang'aluka msanga pamlomo wa chivindikiro, nde ena amadula mlomowo kufupikitsa chivindikiro kuti mng'alu usaoneke. Olo Hero 616 ya ku China ija, imene ambiri tinaziona tili kusukulu, inatengera maonekedwe a 51 moti wongoyamba kumene akhoza kupusitsidwa nayo.

Mukaonetsetsa zonsezi, cholakwa sichili pa peni, chili pakamwa pa wogulitsa. Kwathu galimoto yoti inasinthidwa injini timagula bwinobwino, timadziwa kuti galimoto yakale imayenda chifukwa cha amakaniko, chimene sitikhululuka ndi munthu amene akudziwa kuti injini si yake koma akulumbira kuti palibe anaigwirapo. Chimene ndikupempha kwa ogulitsa mapeni nchomwecho. Lembani kuti chivindikiro ichi ndi cha chaka china, nibu iyi ndinaikapo ndine, thupi ili ndi lopangidwa posachedwa, panali dzina ndipo wina analipala, ebonite iyi inadetsedwanso. Mizere iwiri basi. Wofuna orijino adutsa, wofuna peni yolembera agula akudziwa, mtengo ukhala woyenera. Mawu aja akuti yabwezeretsedwa bwino lomwe, opanda kufotokoza kuti mwachita chani kwenikweni, ine ndikawaona ndimayamba kufunsa mafunso ambiri, ndipo wogulitsa woona mtima sakwiya ukamufunsa.

Pa zosintha za masiku ano ndimaima pakati, ndipo ndivomere kuti apa anthu abwino amasiyana maganizo. Kunola nibu kuti izilemba mzere wotambalala potsika ndi wopyapyala popingasa, pa Parker 51 wamba kapena Esterbrook 2668, ine sindiona vuto, mapeni amenewa anapangidwa mamiliyoni ndipo peni imene mwini wake akuikonda kulembera ndi imene imasamalidwa. Koma nibu yofewa ya Waterman kapena Swan ya Mabie Todd ya zaka 100, imene ukaipanikiza imatseguka nkubwerera yokha bwinobwino, imeneyo musaiyandikire ndi mwala wonolera chonde, kansonga kolimba kaja kakatha nkovuta kukabwezera ndipo manibu ofewa motero ndi ovuta kuwapeza atsopano. Ngati siikugwirizana ndi dzanja lanu igulitseni kwa amene angaithe, mugule ina. Chimodzimodzi aja amaboola thupi la Vacumatic kapena kudula zamkati kuti aikemo katiriji, kachubu ka inki kogula kodzaza kale, chifukwa aona kuti kusintha kalabala kopopera nkovuta. Kalabala kameneko kamagulitsidwa, chida chotsegulira chilipo, okonza alipo. Boolo likaboola palibe kubwerera. Supa guluu ndiye musanene, peni yomatidwa ndi supa guluu pogwirira ndiye kuti wokonza wotsatira adzaithyola poyesa kutsegula. Shellac anthu amaikonda chifukwa imafewa ikatenthedwa kufika madigiri cha m'ma 60, imagwira koma imalola kuti wina adzatsegulenso zaka 20 zikubwerazi. Funso limene ndimadzifunsa ndisanagwire peni iliyonse ndi lomwelo, kodi amene adzabwere pambuyo panga adzatha kubweza zimene ndikuchitazi?

Nchifukwa chake ndikachotsa chinthu pa peni, kaya ndi feed (kachidutswa ka pansi pa nibu kodutsitsa inki) yong'aluka kaya ndi kilipi yopindika, sinditaya. Ndimaika mu kaenvelopu, kulemba kuti chachokera pa peni iti ndipo ndaikapo chani, peni ikamapita kwa munthu wina kaenvelopu kamapita nayo limodzi. Sizitenga nthawi ndipo zimamuchotsera mnzako mutu waukulu.

Kwa inu abale anga amene mwina mu sutikesi ya agogo kapena ya bambo muli peni yotere, ena anali aphunzitsi, ena makalaliki a boma, ena anabwera nazo kuchokera ku Joni, ndikupempheni musathamangire kuitsuka. Musainyike m'madzi otentha, musapake spirit, celluloid imasungunuka ndi zimenezo ndipo ikayandikira moto imayaka koopsa, kandulo kapena machesi ayi ndithu. Ina ya Conway Stewart ya ku England ndi ya casein, pulasitiki yopangidwa kuchokera ku mkaka, ikakhala m'madzi nthawi yaitali imafufuma nkupindika. Kachitsulo kam'mbali kakalimba musakakamize, ndiye kuti kathumba kauma mkati, mukakoka ndi mphamvu muthyola. Inki ya India yojambulira ija isalowemo, imauma nkutseka njira zonse. Ndipo mukapeza kuti chivindikiro ndi cha peni ina, kapena pali waya wokulungidwa pomwe panang'aluka, kapena agogo anazokota okha dzina ndi nsonga ya mpeni, zisiyeni momwemo. Wotolera wa ku London mwina sangakupatseni ndalama zambiri pa peni imeneyo, koma simukugulitsa, ndipo waya umenewo anakulunga ndi manja awo.

Pali chinanso chabwino chimene anthu satchula, mapeni osakanizidwawa ndi khomo la ongoyamba. Mnyamata amene sangakwanitse Waterman yangwiro akhoza kugula yosuluka, ya dzina, ya nibu ya Warranted, pamtengo wotsika kwambiri nkumva mmene nibu ya golide ya kale imayendera papepala, nkuphunzirirapo kusintha kathumba osaopa kuti akuononga chuma. Okonza abwino ambiri anayambira pa mapeni otere.

Chimene chimandikwiyitsa kuposa zonse ndi msika wa masipeya mmene wafikira. Chifukwa choti aliyense akufuna kuti peni yake ikhale ndi chilichonse cholondola, masipeya akwera mtengo mpaka pena peni yathunthu imatchipa kuposa zidutswa zake ukazigulitsa pachokhapachokha. Nde alipo amene amagula peni yabwinobwino, yoti siinasinthidwepo chiyambire, kuiphwasula, nibu kugulitsa uku, chivindikiro uko, kilipi kwina. Wogula chivindikiro chija akusangalala kuti peni yake tsopano yakhala orijino, osadziwa kapena osafuna kudziwa kuti kuti iye apeze chimenecho peni ina imene inali orijino yeniyeni yaphedwa, ndipo yakeyo ndi yosakanizidwabe basi, kungoti mosaoneka. Musanagule sipeya funsani kuti yachokera kuti. Ngati yachokera pa peni yosweka kapena mu katundu wakale wa okonza mapeni, gulani. Ngati wogulitsa yemweyo waika thupi, chivindikiro, nibu ndi feed za peni imodzi tsiku limodzi, chilichonse pachokha ndipo palibe chosweka, ndalama yanu isapiteko.